Funsani Azakhali: Chipitireni Freddy mwana sayankhula, koma kwa mnzake amaseka

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Blantyre konkuno ndipo ndimapanga geni ya kaunjika. Nkhani yanga ndiyayitali pang'ono mundipirire chifukwa ndilibe kwina kokayitula. Mng'ono wanga ankakhala ku Chilobwe mmunsi mwa phiri la Soche, ndiye usiku uja wa namondwe wa Freddy mu March 2023 madzi ndi miyala zinagumula nyumba yomwe ankachita lendi, iyeyo ndi kamwana kake kakakazi ka miyezi 9 anathera pomwepo. Anatsala ndi mnyamata yekha, nthawi imeneyo anali ndi zaka 7, anthu anamuvuula mmatope kutacha ali ndi bala pamwendo. Bambo ake anasiyana ndi malemu kalekale sitidziwa nkomwe komwe ali, ndiye ndinamutenga ine, ndi mwana wanga basi.

Vuto ndi lakuti mwanayu anasiya kuyankhula. Kale anali wolongolola mpaka mayi ake ankachita kumuletsa, pano ukamufunsa kanthu amangoti eya kapena ayi, pena kungogwedeza mutu. Kudya amadya, ukamutuma amapita, koma za mayi ake sanatchulepo olo kamodzi ndipo ine sindinamuonepo akulira. Mvula ikangoyamba kugwa pamalata amadzuka kuvala nsapato nkukaima pakhomo ngakhale pakati pausiku, ndipo usiku umenewo amakodza pogona, mnyamata wamkulu ndithu. Kusukulu akuti ndi wamwano chifukwa sayankha akafunsidwa, moti wabwereza Sitandade 3.

Ndisabise, ifenso tinalakwitsa. Kumaliro sanapite chifukwa anali mchipatala ndi bala lija, ndiye akuluakulu anati tisamuuze ndi mwana, tinamuuza kuti amayi apita ku Joni kukasaka ntchito. Patapita miyezi anamva zoona kwa ana anzake. Sanatifunse, ifenso sitinayambitse, zithunzi za malemu ndinazibisa musutikesi mpaka lero.

Koma pali kamnyamata kena ka aneba, mayi ake amagulitsa makala, kamamuposa ndi chaka chimodzi. Awiriwa sasiyana, amakhala kuseri kwa bafa kumapanga magalimoto a waya. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamva mwana wangayo akuseka, kuyankhula nkhani yayitali bwinobwino, ndinaima ndi beseni mmanja osakhulupirira, koma atangondiona anatseka pakamwa. Mnzakeyo ndinamuitana padera nkumupatsa mandasi kuti andiuze zomwe amakamba, anangoti "anati ndisanene." Azakhali zinandiwawa, ine womudyetsa ndi kumuchapira sandiuza kanthu koma mwana wa eni.

Mwezi watha awiriwa anasowa tsiku lonse, tinawasaka mpaka madzulo, kani anayenda wapansi mpaka ku Chilobwe kukaona pamalo paja. Amuna anga anakwiya kwambiri akuti chinzake chimenechi chithe ndipo mwanayu apite kumudzi kwa agogo ake ku Thyolo akaiwale. Amayi anzanga akutchalitchi akuti ndi mizimu tipite naye kumapemphero a usiku wonse. Ine mutu waima. Ndimukakamize ayankhule? Ndiwalekanitse?

Mayi wothedwa nzeru, Blantyre

Mayi,

Pepani, pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo ndaona kuti mwakamba zambiri za mwana koma za inuyo mwangodutsapo, chonsecho usiku umodzi womwewo inunso munataya mng'ono wanu ndi kamwana. Ndibwereranso pamenepo. Ndiyambe ndi chomwe chandithamangitsa kukuyankhani: ana awiriwo musawalekanitse. Chonde. Kuseri kwa bafako ndi kokhako komwe mawu a mwana wanu akutulukira pakadali pano, mukatsekako ndiye kuti mwatseka ponse.

Za nsapato zija zandigwira mtima. Mwana amene amavala nsapato nkuima pakhomo mvula ikayamba si wamwano ndipo sanagwidwe ndi chilichonse, wakonzeka kuthawa basi. Thupi lake linaphunzira usiku wa pa 12 kuchera pa 13 March kuti phokoso la mvula pamalata limatsogolera imfa, ndipo thupi silimva zoti papita nthawi, mtima umathamanga, tulo timatha, mkodzo umatuluka wokha ngati kuti phiri likutsikanso lero lomwe. Achipatala vuto limeneli amalitcha PTSD, ndipo amayamba kuliganizira ngati maloto oipa, mantha, kupewa chilichonse chokumbutsa ngoziyo ndi kudzidzimuka zapitirira mwezi umodzi mpaka kusokoneza sukulu kapena moyo wapakhomo. Sindinganene ine kuti ndi chimenecho chifukwa mwanayo sindinamuone ndipo ndi ntchito ya achipatala, koma zomwe mwalembazi zikuloza komweko. Sali yekha ayi. Freddy anapha anthu oposa 1,000 mdziko muno nkusiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala, ndiye ana onga wanuyo alipo ambiri ku Manja, ku Ndirande, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Phalombe. Ndipo ku Phalombe kumeneko napolo anagwanso mu March 1991, amene anali ana nthawi imeneyo pano ndi makolo, mukapeza mmodzi mumufunse ngati amagona bwino mvula ikamagwa usiku wonse.

Tsono za kukhala chete. Ndikuuzani mosapsatira chifukwa mwandifunsa moona mtima: kukhala chete kumeneku mwanayu sanakupeke yekha, anaphunzira kwa akuluakulu. Iyeyo anali mnyumbamo. Anamva zomwe anamva, mwina anaonanso zomwe inu simunaone. Ndiye atagona kuchipatala abale onse akumuuza kuti amayi apita ku Joni, mwana wa zaka 7 amamva kuti "pakhomo pano nkhani imeneyi sitikamba, ndipo zomwe ndinaona ine sizinenedwa." Zithunzi zitasowa pakhoma, dzina la mayi ake litasiya kumveka, anamaliza kumvetsa. Sindikukuimbani mlandu, makolo athu anatilera chomwecho kuti mwana sauzidwa za maliro ndipo cholinga chinali kumuteteza, ndi ambiri tinauzidwa kuti agogo apita kuulendo. Koma bodza lachikondi limenelo limamusiya mwana akulira maliro yekhayekha mumtima pomwe akulu anali ndi siwa, nyimbo, anthu odzapepesa ndi dothi loponya mmanda.

Pali chinanso chomwe ana amsinkhu umenewo amasenza osauza munthu, kudziimba mlandu. Amaganiza kuti mwina ndikanakuwa msanga, ndikanagwira mwana uja, mwina chifukwa ndinawanyoza amayi masana aja. Kwa ife akulu ndi zosamveka koma mmutu mwa mwana zimakhala zenizeni, ndipo wodziona wolakwa sayankhula.

Ndiye musamukakamize kuyankhula. Yankhulani inuyo. Osamukhazika pampando nkumuyang'ana mmaso ngati ali pabwalo la milandu kwa amfumu, mwana amauma pakamwa. Pezani nthawi muli awiri manja akugwira ntchito, kaya mukusenda nandolo, kaya mukusankha mpunga palichero, maso ali pansi, ndiye munene mawu ochepa omveka. Mwina chonchi: "Mwanawe, tinakunamiza. Amayi ako sanapite ku Joni, anamwalira usiku uja pamodzi ndi kamchemwali kako. Tinkaopa kukupweteka koma tinalakwa, pepa. Palibe chomwe iwe unalakwa, madzi aja ngakhale akuluakulu amphamvu anawalephera. Ukadzafuna kufunsa chilichonse ine ndilipo." Munene liwu loti anamwalira, osati anagona kapena anapita, chifukwa wogona amadzuka ndipo wopita amabwera, ana ena mpaka amaopa kugona. Mukanena basi, pitirizani nandolo wanu. Akhoza osayankha olo liwu limodzi, akhoza kudzuka nkupita kwa mnzake uja, musaone ngati zalephereka, wamva. Mafunso a ana amabwera patapita masabata, pamalo osayembekezeka, muli muminibasi kapena mukutunga madzi.

Ndipo mukalira musathawire kuchipinda. Apa ndi pomwe ndinati ndibwerera. Mwina inuyo chifukwa chenicheni chomwe sutikesi ija simuitsegula si mwana yekha, nanunso simunapezebe mphamvu yoona nkhope ya mng'ono wanu. Itseguleni, chithunzi chimodzi chikhale poonekera, china mumupatse chikhale chakechake. Muzimutchula malemu pankhani zing'onozing'ono, kuti amayi ako ankakonda chigumu chopserera mmbali, amayi ako ali ngati iweyo anagwa mumtengo wa mango. Mwana aone kuti dzina limeneli limatchulika ndipo nyumba sigwa.

Zoti kwa inu sayankhula koma kwa mnzake, ndikumvetsa kuti zikuwawa, koma sikuti sakukondani. Inu ndinu mkulu wa mayi ake, mwina nkhope ndi mawu mumafanana, akakuyang'anani amaona onse awiri, ndiponso ana amadziwa kuti nkhani iyi ikawaliritsa amayi ndiye amakutetezani pokhala chete. Mnzakeyo alibe zonsezo. Samuyang'ana ndi maso achisoni, samufunsa kuti ukumva bwanji, amangoti gwira apa ndipinde wayayu, tipeze zitsekero za mabotolo za matayala. Kukhala phewa ndi phewa manja ali bize ndiye kumamasula lilime, akulunso timatero, amuna amaululirana pabawo, amayi padambo pochapa. Kamnyamata kameneko kakana kugulitsa mnzake chifukwa cha mandasi anu, ine ndakapatsa ulemu. Musakasandutse kazitape. Mandasi muzikapatsa aulere, kazidya nsima pakhomo panu, paja mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Komabe tisaiwale kuti nayenso ndi mwana, ndipo akusenza katundu wolemera kuposa msinkhu wake. Kachezeni ndi mayi ake adziwe zomwe mwana wawo akumva. Kenako muwauze onse awiri pamodzi kuti zinsinsi zawo ndi zawo simufunsanso, kupatula zitatu: wina akanena zofuna kudzipweteka kapena kufa, wina akamapwetekedwa ndi munthu, komanso akafuna kupita kutali. Zimenezo wamkulu adziwe, ndipo wonena sakwapulidwa.

Ulendo wa ku Chilobwe uja abambo akuuona ngati kupulupudza, ndipo mantha awo ndi omveka, ana awiri okha mmisewu ya Blantyre si zocheza. Koma taganizani chomwe anakafuna. Mwana amene sanaone bokosi kapena manda anapita kukaona ndi maso ake, ndipo anatenga munthu yekhayo amene amamukhulupirira. Amafuna maliro omwe anamanidwa. Mupatseni. Mufunseni ngati akufuna kukaona pomwe anagona amayi ake, akavomera mupite masana kunja kuli kowala, mutenge maluwa, muimbe nyimbo imodzi, mupemphere, ndipo akati mnzake abwere nawo abwere. Akakana musamukoke, mudzafunsenso patsogolo.

Zomutumiza kumudzi ine ndikukana. Anataya mayi, mchemwali ndi nyumba usiku umodzi, ndiye atayenso inu, sukulu ndi mnzake, ndipo mumtima mwake zidzamveka kuti ndine wovuta andichotsa. Kumudzinso mvula imagwa. Kwa agogo azipita paholide nkubwerako. Abambowo akhazikeni pansi muwawerengere yankho lino, ndipo apatseni mbali yawo: abwere ndi waya ndi pulayala, akhale nawo kuseri kwa bafako mphindi khumi osafunsa mafunso. Usiku wa mvula wina mwa inu adzuke naye, osamukalipira, osamulanda nsapato, mumuuze modekha kuti uno ndi usiku wina, nyumba ino ndi ina, tili tonse, tochi ikhale pafupi ndi pomwe amagona. Za kukodzako yalani pepala la pulasitiki pansi pa chofunda, mmawa muchape mwakachetechete, ana ena mnyumbamo asamuseke ndipo asayanikiridwe mphasa pagulu ngati chilango.

Kupemphera pempherani, ine sindingakuletseni, abusa odekha akhoza kukuthandizani kwambiri makamaka tsiku lopita kumanda. Chomwe ndikukana ndi kumuika pakati pa anthu akukuwa usiku, kumugwira mutu ndi kumukankha kuti chituluke. Mwana amene anapulumuka mumdima ndi phokoso mukhala mukumubwezera komweko, ndiponso mukhala mwamuuza kuti mkati mwake muli choipa.

Thandizo la akatswiri lilipo ndipo musalichedwetse poti papita kale nthawi. Imbani 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO, mukhoza kuimba inuyo ngati kholo akulangizeni ndi kukulozerani koyandikira. Ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu kuli alangizi oona za ana. Kuchipatala chaching'ono chakwanuko fotokozani zonse monga mwandilembera, nsapato, mkodzo, kusayankhula, mupemphe akutumizeni kwa a zaumoyo wa mmaganizo ku Queen Elizabeth. Owerenga a kwina, kuli Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza misala ayi, ndi ana nthawi zambiri amagwiritsa ntchito kucheza, kujambula ndi masewera, ndipo kholo limaphunzitsidwanso. Kusukulu pitani nokha mukaonane ndi ahedi ndi aphunzitsi ake, mwina sakudziwa nkomwe mbiri yake, muwapemphe asamamuimike kutsogolo kapena kumulanga chifukwa chosayankha, ayambe ndi kumulola kulemba mayankho. Mvula ikamayandikira cha mu November komanso mwezi wa March yembekezani kuti zibwerera mmbuyo pang'ono, musataye mtima. Mudzandilemberenso mukatsegula sutikesi ija.

Azakhali,

Ine ndi mnyamata wa zaka 34, ndili ku Johannesburg ndimagwira ntchito yapagalaja. Ndili ndi zaka 11 kwathu ku Nkhotakota tinapita kukasambira ine, mnzanga wapamtima ndi mng'ono wake wa zaka 6, ndipo amene ndinayambitsa zoti tipite ndinali ine. Mwana uja anamira tikuona, tinathamanga kukaitana anthu koma anamupeza mawa lake. Makolo anatiuza kuti nkhani imeneyi isamatchulidwe chifukwa mayi ake amakomoka. Mpaka lero ine ndi mnzangayo ndife mabwenzi, tsiku lililonse timacheza pa WhatsApp, za Bullets ndi Wanderers, za ma rand, za akazi athu, koma zaka 23 zonsezi za tsiku lija sitinakambepo. Pano mkazi wake wabereka mwana wamwamuna ndipo wamupatsa dzina la malemu uja. Anangonditumizira chithunzi ndi dzinalo, ine ndinayankha kuti zabwino zonse akulu basi, koma chiyambireni tsiku limenelo sindikugona, ndikumalota madzi. Ndimupepese? Ndikuopa kuti ndikayambitsa chinzake chathu chitha, mwina amandisungira mumtima.

Mnyamata wa ku Joni

Achimwene,

Munthu amene amakusungira chakukhosi sakhala nawe pachinzake zaka 23 nkumakulembera tsiku ndi tsiku. Ndipo dzina limene pakhomo pawo linali losatchulika walitenga nkupatsa mwana wake, nkulitumiza kwa inu, munthu yekhayo padziko amene anaima naye pagombe paja. Ine ndikuona ngati wagogoda, mwa njira yomwe akanatha. Mwinanso iyeyo zaka zonsezi akudziimba mlandu woposa wanu poti anali mkulu wake, ndiye aliyense akuopa mnzake pachabe.

Munali ndi zaka 11. Mukaona mwana wa zaka 11 pamsewu mawa mumuyang'anitsitse, muone kuchepa kwake, ndiye mudzifunse ngati mungamusenzetse imfa chifukwa anati tiyeni tikasambe tsiku lotentha, zomwe ana a kunyanja amanena tsiku lililonse. Munathamanga kukaitana akulu, ndipo ndi chomwe mwana amayenera kuchita, mukanadumphira mwina maliro akanakhala awiri.

Yambitsani, koma osati pa meseji ndipo osati pagulupu. Mumuimbire nthawi yoti ali yekha, mugule bandulo yokwanira kuti foni isaduke pakati. Musayambe ndi kupepesa kwakutali chifukwa mukatero mumupatsa ntchito yokutonthozani. Nenani kuti dzina la mwanayu landikumbutsa mng'ono wathu uja, sindinamuiwalepo olo tsiku limodzi, ndipo mumutchule dzina. Kenako khalani chete mumupatse mpata. Akalira lirani naye, akasintha nkhani nkubwerera ku mpira musamukakamize, mwatsegula ndipo akudziwa. Zoti ndinu munayambitsa ulendo uja mudzanena nkhani ikafika pamenepo, ndipo mudzamve yankho lake, osati lomwe mwakhala mukumuyankhira mmutu mwanu.

Maloto amadziwo akapitirira mwezi, kapena mukaona kuti mwayamba kumwa kuti mugone, pitani kukiliniki yapafupi kapena mufunefune a SADAG, bungwe loona za umoyo wa mmaganizo, amapereka uphungu pafoni ku South Africa konko. Ndipo wina akamabwera kumudzi ndi basi mumupatsire kabulangete ka mwanayo, pachikwamapo mulembe dzina lake ndi dzanja lanu.